Kunena kuti mulipo angati m'Chitaliyana: mafunso ndi mayankho

Ambiri ofunsa mafunso awa ndi anthu amene akukonzekera ulendo wa ku Italy ali gulu: apaulendo wa mpingo opita ku Roma, masisteri ndi aseminale opita kusukulu, ndiponso opita ku misonkhano ya FAO ndi WFP, mabungwe a United Nations oona za chakudya amene malikulu awo ali ku Roma komweko. Tayamba ndi zosavuta, zakuya zili kumunsi.

Ndikalowa mu lesitilanti n'kufunsidwa kuti tilipo angati, ndiyankhe bwanji?

Musanakhale pansi n'komwe, woperekera zakudya adzakufunsani kuti *In quanti siete?* kapena *Quanti siete?* Onsewa akutanthauza kuti "Mulipo angati?" Yankho lake ndi *Siamo in quattro*, "Tilipo anayi". *Siamo* ndi "tili", *siete* ndi "muli", ndipo nambala imabwera kumapeto: *siamo in due*, *siamo in tre*, *siamo in dieci*.

Lilime likalemera, ingonenani *In quattro*, zakwana. Ena sadikira kufunsidwa, amapereka moni n'kupitiriza okha: *Buonasera, un tavolo per quattro, per favore*, ndiye kuti akupempha tebulo la anthu anayi. Chopepuka n'chakuti nambala za Chitaliyana sizisinthasintha ngati zathu za "anayi, inayi, zinayi". *Quattro* ndi *quattro* basi, kaya mukuwerenga anthu, mipando kapena mbuzi. Yosintha ndi 1 yokha, imene imakhala *uno* kapena *una*.

Nanga "in" ameneyu akutani pamenepa? Ine ndimadziwa kuti amatanthauza "mu".

Malo ambiri ndi choncho: *in cucina* ndi m'khitchini, *in Italia* ndi ku Italy. Koma akaima patsogolo pa nambala ya anthu, ntchito yake imakhala yoonetsa kukula kwa gulu limene lili pamodzi kapena likuchita chinthu limodzi. Wolankhula Chichewa sayenera kudabwa nazo kwenikweni, chifukwa ifenso timakonda kunena kuti "tilipo anayi", ndipo ka "-po" kameneko sikanena za malo enieni amene taima.

Phindu la kamawuka limaoneka bwino mukachoka pa *siamo* n'kupita ku aneni ena. *Veniamo in tre* ndi "tikubwera atatu". *Siamo partiti in otto* ndi "tinanyamuka tilipo 8". *L'hanno portato in quattro* ndi "anachita kumunyamula anthu anayi". *Si gioca in due* ndi "masewerawa ndi a anthu awiri". Chiganizo ichi chili ndi ma *in* onse awiri: *Abitiamo in cinque in due stanze*, "tikukhala anthu asanu m'zipinda ziwiri". Woyamba akuwerenga anthu, wachiwiri akunena malo.

Pa aneni amenewa *in* sachotsedwa, ndipo ndi iye amene amasiyanitsa ochita ndi zinthu zochitidwa. Tiyerekeze kuti mukunena za galimoto, *la macchina*. Mukati *L'abbiamo comprata in tre*, ndiye kuti munasonkherana anthu atatu n'kugula galimoto imodzi. Mukati *Ne abbiamo comprate tre*, mwagula magalimoto atatu, ndipo omvera ayamba kukuonani ndi diso lina.

Ndikanena "siamo quattro" osaikapo "in", ndalakwitsa?

Ayi. Ataliyana eni ake amanena zonse ziwiri, ndipo palibe woperekera zakudya amene angakukonzeni. Koma kwa wophunzira n'kwabwino kuzolowera *siamo in quattro*, chifukwa chizolowezicho chimakuthandizani pa aneni ena aja amene salola kuti *in* asowe.

Dzina likabwera pambuyo pa nambala, *in* nthawi zambiri amachoka: *siamo quattro amici*, "ndife mabwenzi anayi", *siamo sei studenti*, *siamo dieci persone*. Kummwera kwa dziko, monga cha ku Napoli, mudzamvanso anthu akuti *Quanti ne siete?* ndi *Ne siamo quattro*. Ndi kalankhulidwe ka dera, kamveni koma musakalembe pa mayeso.

Kodi ndidziwerengere ndi ine ndemwe? Nanga mwana wapamsana?

Inde, *siamo in quattro* ndi inu pamodzi ndi anzanu atatu. Ngati mukufuna kuti pasakhale kukayika, onjezani *me compreso*, kapena *me compresa* ngati ndinu mayi, kutanthauza "kuphatikizapo ine". Njira ina ndi *io e altri tre*, "ine ndi ena atatu".

Ana atchuleni padera, chifukwa malo odyera ambiri ndi opanikizika ndipo amafuna kudziwa mipando yeniyeni: *Siamo in quattro più un bambino*, kapena *due adulti e due bambini*. Mpando wautali wa khanda ndi *seggiolone*, chikuku cha mwana ndi *passeggino*, ndipo kuzitchula msanga kumathandiza kuti akupatseni tebulo la pakona osati la pakati pa njira.

Munthu mmodzi sanena kuti *in uno*. Bambo amati *Sono da solo*, mayi amati *Sono da sola*, kapena *Solo io*, "ine ndekha".

Ndi nambala ziti zimene ndiyenera kuloweza, ndipo zovuta kutchula ndi ziti?

Yambani ndi izi, kuchokera pa 1 kufika pa 20: *uno, due, tre, quattro, cinque, sei, sette, otto, nove, dieci, undici, dodici, tredici, quattordici, quindici, sedici, diciassette, diciotto, diciannove, venti*. Taonani kuti pa 17 zinthu zimatembenuka, khumi lija limachoka kumapeto n'kubwera koyambirira. Kupitirira 20 mumangolumikiza: *ventidue, ventitré, venticinque*. Pa 1 ndi 8 chilembo chimodzi chimamezedwa, n'chifukwa chake timati *ventuno* ndi *ventotto*, *trentuno* ndi *trentotto*.

Katchulidwe kambiri kamatikomera, popeza *a, e, i, o, u* amamveka pafupifupi ngati athu. Chilembo *c* chikatsatidwa ndi *i* kapena *e* chimamveka "ch", ndipo *qu* ndi "kw", ndiye *cinque* ndi "chinkwe", *dieci* ndi "dyechi". Koma pali malo atatu amene timapunthwa.

Poyamba ndi pokweza liwu. Ife tinazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndiye pakamwa pamafuna kunena "undiichi". Kuyambira 11 mpaka 16 mphamvu imabwerera m'mbuyo: *ÙN-dici, DÒ-dici, TRÈ-dici, quat-TÒR-dici, QUÌN-dici, SÈ-dici*. Pachiwiri ndi *r*, amene m'Chichewa timamusinthanitsa ndi *l* popanda vuto. M'Chitaliyana ndi zilembo ziwiri zosiyana, ndipo *tre* akatuluka ngati "tile" Mtaliyana amangokuyang'anani. Pachitatu ndi zilembo zobwereza. *Sette* ndi 7, *sete* ndi ludzu, *siete* ndi "muli". Pa *sette* ndi *otto* imani pang'ono pa *t* musanamumasule. Yeserani kunena *Siete in sette? Avete sete?* mpaka mawu atatuwo asiyane m'khutu mwanu.

Samalaninso ndi *sessanta*, 60, ndi *settanta*, 70, amene pafoni amasokoneza ngakhale eni chinenero. *Sei* nayenso ali pawiri, ndi 6 komanso ndi "uli", koma akatsogoleredwa ndi *in* dziwani kuti ndi nambala.

Ndisungitse bwanji tebulo pafoni?

Kukambirana kwake kumayenda chonchi nthawi zambiri:

*Buonasera, vorrei prenotare un tavolo per sabato sera.*
*Per quante persone?*
*Per sei.*
*A che ora?*
*Alle otto e mezza.*
*A che nome?*

Pomalizapo mumatchula dzina la bambo, *a nome* kenako dzinalo, ndipo konzekani kulitchula chilembo chimodzichimodzi.

Msampha waukulu uli pa kamawu kakang'ono. *Per otto* ndi "la anthu 8", pomwe *per le otto* ndi "la 8 koloko". Ka *le* kakangosowa kapena kulowa pomwe sikayenera, mukhoza kufika awiri n'kupeza atayala tebulo lalitali, kapena kufika 8 n'kupeza katebulo ka awiri. Kuti mupewe zimenezi, tchulani *persone* pa anthu ndi *alle* pa nthawi: *per quattro persone, alle otto*. Muthanso kunena nthawi mwa maola 24, *alle venti*. Malesitilanti ambiri amayamba kupereka chakudya chamadzulo cha m'ma 7 kapena hafu pasiti 7, ndiye musadabwe akakukanani 6 koloko.

Tinasungitsa malo a anthu 6 koma chiwerengero chasintha. Ndinene chiyani?

*Siamo uno in più* ndi "tachuluka ndi mmodzi", *siamo uno in meno* ndi "tachepa ndi mmodzi". Ngati ena akubwera m'mbuyo, *Per ora siamo in quattro, ne arrivano altri due*. Popempha mpando wina, *Si può aggiungere un posto?* Popempha kuti aphatikize matebulo, *Possiamo unire due tavoli?* Funsani kaye, musangoyamba kukoka matebulo nokha, chifukwa lopanda anthulo kawirikawiri limakhala ndi kakhadi kakuti *riservato*.

Nanga ponena za dzulo, za mawa, kapena za anthu ena?

Chosintha ndi mneni yekha, *in* ndi nambala zimakhala momwemo. *Eravamo in venti*, tinalipo 20. *Saremo in otto*, tidzakhalapo 8. *Sono in cinque*, alipo asanu. *Erano in tre*, analipo atatu.

Pano nkhani ya zilembo zobwereza ikubweranso. *Saremo* wa *m* mmodzi ndi "tidzakhalapo". *Saremmo* wa ma *m* awiri ndi "tikanakhalapo", ndipo anthu amamugwiritsa ntchito popempha mofatsa: *Saremmo in otto, c'è posto?* Ndi ulemu wa munthu amene akudziwa kuti wabwera ndi gulu lalikulu osasungitsa malo.

Musasakanize izi ndi *ci sono*. *Ci sono quattro persone alla porta* ndi "pakhomo pali anthu anayi", mukungonena zimene mwaona. *Sono in quattro* ndi gulu limene omvera akulidziwa kale, mukungotchula kukula kwake.

Gulu likakhala la amayi okhaokha pali kusiyana?

Nambala sisintha, koma mawu ozungulira amasintha. Masisteri asanu adzafunsidwa kuti *In quante siete?* ndipo iwo adzati *Siamo venute in cinque*, osati *venuti*. Mukakhala mwamuna mmodzi yekha m'gululo, ngakhale dalaivala, zonse zimabwerera ku *quanti* ndi *venuti*. Lamulo lake ndi lomwelo, kaya mukugwirizana nalo kapena ayi.

Mawu akuti *persona* ndi achikazi nthawi zonse, ngakhale mukunena za abambo: *quante persone*, *una persona sola*. Pomwe *gente*, "anthu", amatengedwa ngati chinthu chimodzi ndipo sawerengedwa. Mumati *C'è tanta gente*, "kuli anthu ambiri", koma simunganene *quattro genti*.

Sindikudziwa chiwerengero chenicheni. Ndingayerekeze bwanji?

Chophweka ndi *circa* kapena *più o meno*: *saremo circa venti*. Muthanso kutchula nambala ziwiri motsatana, *in cinque o sei*. Koma Ataliyana ali ndi mawu awoawo oyerekezera amene amawakonda kwambiri, ndipo mukawagwiritsa ntchito mumamveka ngati munthu amene wakhalitsa. *Una decina* ndi pafupifupi 10, *una dozzina* 12, *una quindicina* 15, *una ventina* 20, *una trentina* 30, *una cinquantina* 50, *un centinaio* 100, *un migliaio* 1,000. Dzina likatsatira, pakati pamalowa *di*: *una ventina di persone*. Ndipo apa *in* anthu ambiri samuika, amangoti *Siamo una ventina*. Zikachuluka, *centinaio* amakhala *centinaia*, *migliaio* amakhala *migliaia*: *migliaia di pellegrini*, apaulendo masauzande.

Popanda nambala iliyonse, *in* amabwereranso: *siamo in tanti*, tilipo ambiri, *siamo in pochi*, tilipo ochepa, *siamo in troppi*, tachulukitsa. Amayi okhaokha adzati *in tante, in poche, in troppe*.

N'chifukwa chiyani amalimbikira chonchi kudziwa chiwerengero chenicheni?

Chifukwa zinthu zambiri kumeneko zimalipiridwa pa mutu, ndipo nambala imene mwatchula pakhomo mudzaipezanso pa bilu. Malesitilanti ambiri amalipiritsa *coperto*, ndalama ya munthu aliyense wokhala patebulo, ya nsalu, mbale ndi buledi, kawirikawiri mayuro awiri kapena atatu, ndipo m'malo okopa alendo imakwera. Imayenera kulembedwa pa menyu. Mukaona *coperti 6* pa lisiti pamene munalipo asanu, nenani mwaulemu: *Scusi, eravamo in cinque*. Chigawo cha Lazio, kumene kuli Roma, chinaletsa *coperto* ndi lamulo la mu 2006, koma kumeneko mudzapeza ena akulipiritsa buledi, *pane*, m'malo mwake.

Pa menyu yang'ananinso mawu akuti *minimo due persone*, amene amapezeka pa zakudya monga *risotto*, chakudya cha mpunga. Sakuphikirani mbale imodzi, ndipo mtengo wolembedwawo nthawi zambiri ndi *a persona*, wa munthu mmodzi. *A testa* ndi chimodzimodzi. Polipira, *alla romana* ndi kugawana bilu mofanana, *conti separati* ndi aliyense yake.

Paulendo namonso chiwerengero n'chofunika. Takisi wamba imatenga anthu anayi, ndiye poitanitsa nenani msanga kuti *Siamo in sei, serve una macchina grande*. Ku Venezia, bwato la *gondola* limanyamula anthu osapitirira asanu kuyambira mu 2020, ndipo mtengo ndi wa bwato lonse osati wa munthu, kotero gulu la anthu 6 lilipira mabwato awiri. Malo a boma osungirako zakale, monga Colosseo ndi Uffizi, salipiritsa ana osakwana zaka 18, ndiye pogula matikiti siyanitsani: *due adulti e due ragazzi sotto i diciotto anni*. Malo a ku Vatican ali ndi malamulo awoawo.

Ku hotela ndinene bwanji?

Zipinda zili ndi mayina ake malinga ndi ogonamo: *singola* cha mmodzi, *doppia* cha awiri, *tripla* cha atatu, *quadrupla* cha anayi. *Matrimoniale* ndi cha bedi limodzi lalikulu. Ngati awiriwo si banja, nenani momveka kuti *una doppia con due letti*, apo ayi mudzachita manyazi pofika. Chiganizo chathunthu chingakhale *Siamo in cinque, vorremmo una doppia e una tripla*.

Zija zakwathu zolipira chipinda cha awiri wachitatu n'kudzalowa usiku ndi mphasa yake sizitheka. Lamulo limafuna kuti mlendo aliyense aonetse pasipoti kapena chitupa, ndipo hotela imatumiza mayina kupolisi pasanathe maola 24. Mizinda yambiri ilinso ndi msonkho wa alendo, *tassa di soggiorno*, wa munthu aliyense usiku uliwonse.

Akandifunsa za banja lathu, ndiwerenge ndani?

Funso limakhala *In quanti siete in famiglia?* ndipo yankho ndi *In famiglia siamo in sei*. Wofunsayo akuganiza za makolo ndi ana a nyumba imodzi. "Tinabadwa asanu" ndi *siamo cinque figli* kapena *siamo cinque fratelli*, popeza *fratelli* amaphatikiza alongo ngati pali mwamuna ngakhale mmodzi. Atsikana okhaokha ndi *sorelle*.

Ana a bambo aang'ono kapena a mayi aakulu, amene kwa ife ndi abale enieni, kwa Mtaliyana ndi *cugini*, pamodzi ndi asuweni onse. Mukawawerengera mu *fratelli* adzaganiza kuti mayi anu anabereka ana 20. Ngakhale mutangoti *siamo otto figli* adzatukula nsidze, chifukwa mu 2023 chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi ku Italy chinali pafupifupi 1.2. Achikulire ena adzakuuzani kuti kwa agogo awo zinalinso ngati kwanu.

"Tonse atatu", "atatu mwa ife" ndi "awiriawiri" amanenedwa bwanji?

"Tonse atatu" ndi *tutti e tre*, amayi okhaokha *tutte e tre*, ndipo ka *e* kapakatiko sikasiyidwa. "Onse awiri" ndi *tutti e due* kapena *entrambi*. "Ife atatu" ndi *noi tre*, "inu awiri" ndi *voi due*, "atatu mwa ife" ndi *tre di noi*. "Awiriawiri" ndi *a due a due*, "m'magulu a anthu anayi" ndi *in gruppi di quattro*, "mmodzimmodzi" ndi *uno alla volta*.

Ndinamva wina akuti "eravamo quattro gatti". Amphaka akulowa bwanji?

Ndi mawu okuluwika, otanthauza kuti kunabwera anthu ochepa omvetsa chisoni, kaya pa msonkhano kaya pa Misa ya pakati pa sabata. Nambalayo si yeniyeni. Pa mpira ndi pomwe mudzamve nambala zenizeni: timu imasewera *in undici*, ndipo wina akapatsidwa khadi yofiira olengeza amati *sono rimasti in dieci*, atsala 10.

Ndi zoona kuti pali nambala imene safuna patebulo?

Ilipo, ndi 13. Ena, makamaka achikulire, sakonda kukhala *in tredici a tavola*, pokumbukira Mgonero Womaliza pamene Yesu anakhala ndi ophunzira ake 12. Ambiri masiku ano amangochita nthabwala, koma mwini nyumba wina akhoza kuitanadi mlendo wa 14 kapena kupatula ana patebulo lawo. Pa zinthu zina zonse nambala yatsoka ku Italy ndi 17, ndipo tsiku loopedwa ndi Lachisanu pa 17. Chifukwa chimene amakonda kupereka n'chakuti zilembo za XVII zikasinthidwa malo zimapanga VIXI, mawu a Chilatini otanthauza "ndinakhalapo ndi moyo", omwe ndi mawu a pamanda.

Ndingoonetsa zala osalankhula, sizingatheke?

Zimatheka, makamaka muphokoso, koma ndi bwino zala ziziperekeza mawu. Ataliyana ambiri amayamba kuwerenga ndi chala chachikulu, ndiye 3 ndi chachikulu, cholozera ndi chapakati. Chimodzi chokha musachite: kuimika cholozera ndi chakanise pofuna kuti "awiri". Chizindikiro chimenecho ndi *le corna*, nyanga, ndipo mukachilozetsa kwa munthu mukumuuza kuti mnzake wapabanja akumuyenda njomba.

Ndikutsogolera gulu lalikulu la mpingo. Ndi mawu ati amene ndidzawafune?

Gulu ndi *gruppo* kapena *comitiva*, inuyo ndinu *capogruppo*, basi yanu ndi *pullman*. Podzidziwitsa mumati *Siamo un gruppo di quaranta persone*, apa *di* ndiye akugwira ntchito, osati *in*. Pa mafomu mudzaona *numero dei partecipanti*, chiwerengero cha otenga mbali. Mudzachifuna popempha matikiti okaonana ndi Papa Lachitatu, amene ndi aulere ndipo amaperekedwa ndi ofesi ya Prefettura della Casa Pontificia. Malesitilanti akamva nambala yaikulu amakonda kupereka *menù fisso*, chakudya chofanana pa mtengo umodzi pa munthu, ndipo ena amafuna *caparra*, ndalama yoperekeratu. Akafunsa *numero definitivo*, akufuna nambala yomaliza, ndipo kawirikawiri mudzalipira imeneyo ngakhale ena atadwala m'mawa wake.

Pokwera basi, dalaivala adzafunsa *Ci siamo tutti?*, "Tilipo tonse?" Ngati mwakwana yankhani *Sì, ci siamo tutti*. Ngati ayi, *Ne manca uno* kwa mmodzi, *Ne mancano due* kwa awiri, ndipo onjezani *Arrivano subito*, "akubwera pompano", kuti asayambe kuliza injini.